Musanagule sofa, yambani mwayeza khomo

Nyengo ino, anthu akagulitsa mbatata ya kachewere ndi nyemba, msewu wa M1 umaulula zimene zidali m'mitima yawo chaka chonse. Mukaima pa Bembeke kapena pa Linthipe Loweruka masana, muona malole atasenza malata, matiresi, njinga ndi mipando ya sofa itamangidwa ndi zingwe za mphira, miyendo ili m'mwamba. Mwini katundu amakhala pamwamba penipeni, chipewa chitatseka makutu chifukwa cha mphepo, koma nkhope ikuwala. Ndimawamvetsa anthu amenewa. Nanenso ndidakwerapo lole yotere.

Wandikumbutsa nkhaniyi ndi mwana wa mlongo wanga amene akumanga banja mwezi wa mawa. Wapeza kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika wa paboma pa Dedza. Lamulungu lina posachedwapa adafika kwathu titangoweruka kutchalitchi, n'kundionetsa chithunzi pafoni. Idali sofa yoyera mbee, yokhota motsata ngodya ya nyumba, yoti anthu asanu ndi awiri n'kukhalapo osagundana. Adaiona pa Facebook.

"Atsibweni, mundiperekeze ku Lilongwe tikafune yonga iyi. Inu mumatha kunenerera mtengo."

"Khomo la nyumba yakoyo n'lalikulu bwanji?" ndidamufunsa.

Adaseka poyesa kuti ndikuchita nthabwala. Mayi a kunyumba, amene ankasenda mbatata pakhonde, sadaseke. Iwo akudziwa kumene funsolo lidachokera.

Zaka zingapo zapitazo mbatata idandichitira bwino kudimba ndipo mtengo wake udali wokoma. Chaka chomwecho ndidakacheza kwa mnzanga wa kusukulu amene amagwira ntchito mu Lilongwe. Pabalaza pake padali masofa onenepa, akuda bii, onyezimira. Nditakhalapo ndidamira mpaka mawondo adatsala pang'ono kugunda chibwano, ndipo mumtima ndidati uku ndiye kukhala. Pobwerera m'minibasi, mipando yathu ya matabwa imene tidalandira paukwati ndinkangoiona ngati chinthu chochititsa manyazi. Komatu mipandoyo idali isadalakwe kanthu. Idali italandira alendo zaka khumi ndi zisanu osathyoka ngakhale mwendo umodzi.

Ndalama ya mbatata sidakwane. Ndidanyengerera mayi a kunyumba kuti yotsalayo akakongole ku banki mkhonde m'dzina lawo. Iwo adangofunsa funso limodzi: "Bambo, mwayeza?" Ndidayankha kuti nyumbayi ndidamangitsa ndine, ndiye ndingalephere bwanji kudziwa kukula kwake. Akuluakulu amati safunsa adadya phula. Ine ndidachita kufunsidwa, koma phulalo ndidadyabe.

Masofawo ndidawapeza m'mbali mwa msewu mu Lilongwe, pamene amisiri amayala katundu wawo padzuwa. Ndidasankha aakulu kuposa onse: ya anthu atatu, ya awiri ndi ya mmodzi, okutidwa ndi chikopa chonamizira chija amati rekizini, mikono yake yonenepa ngati thumba la chimanga. Sindidawatembenuze kuti ndione kunsi. Za matabwa sindidafunse. Ndidakhalapo kamphindi, wogulitsa n'kunditchula kuti "bwana", basi ndalama n'kutuluka m'thumba. Makilomita 85 aja a pakati pa Lilongwe ndi Dedza ndidawayenda ndili pamwamba pa lole, mtima uli m'malo.

Tidafika dzuwa litapendeka, ana a m'deralo atasonkhana kudzaonerera. Ya mmodzi idalowa titaipendeketsa. Ya awiri idalowa itasupuka pangodya. Ya atatu idakana. Tidaiimika, tidaigoneka chammbali, tidaizondotsa, tidachotsa chitseko, koma ayi ndithu. Usiku umenewo idagona pakhonde itafunditsidwa pepala la pulasitiki. M'mawa ndidaitana mmisiri womanga nyumba. Adazula felemu ya chitseko, adagumula mzere umodzi wa njerwa, sofa idalowa, iye n'kumanganso. Ndidagula simenti, ndidamulipira, ndipo palibe mwa ife amene adafunsa kuti tsiku lina idzatuluka bwanji.

Onse atatu atalowa, pabalaza padangotsala kanjira ka mbewa. Tebulo lodyera lidasamukira kuchipinda. Mkeka udapindidwa n'kuikidwa kuseri kwa chitseko poti padalibenso pouyala. Mayi a kunyumba adatha miyezi yambiri akubweza ngongole ija, ndipo mwezi wina zitavuta adagulitsa mbuzi yawo kuti asachite manyazi pagulu la anzawo. Sadandidandaulire, koma mbuzi ija ndimaikumbukira mpaka lero.

Kenako Dedza idayamba kuchita zake. Amene sadagonepo kuno mwezi wa Juni kapena Julayi sangamvetse msanga. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo phiri limene timaliona tikatuluka m'nyumba limafika pafupifupi mamita 2,200. Usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, m'mawa nkhungu imatsika m'phirimo mpaka pakhomo. Rekizini ikazizidwa imakhala ngati mwala wa kumtsinje, moti alendo ankangokhalira kumphepete, manja ali pakati pa miyendo. Mu Okutobala zinkasinthana: ukakhalapo umadzuka malaya atamatirira kumsana. Nthawi ya dzinja, kumbuyo kumene sofa idagunda khoma kudachita chuku. Chaka chachiwiri chisadathe, chikopa chija chidayamba kufundula ngati njoka.

Tsiku lina mwana adadumphirapo ndipo ndidamva kuti thyo! Nditang'amba chiguduli cha kunsi ndidaona zimene ndikadayenera kuona tsiku logula. Matabwa adali a paini, opyapyala, ena akadali ndi makungwa, okhota ngati uta, misomali itasololoka. Mikono yonenepa ija idali makatoni ndi zinyenyeswa za siponji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zonsezi ndikadazipirira. Chimene chidandipweteka ndi cha makolo anga. Bambo atayamba kudwaladwala tidakawatenga kumudzi, cha ku Mayani, kuti akhale pafupi ndi chipatala cha paboma. Tsiku loyamba ndidawakhazika pasofa yaikulu ija monyadira. Itakwana nthawi yoti adzuke, adalephera. Mpando udali wotsika, wofewa, wopanda pogwira polimba. Tidachita kuwadzutsa anthu awiri, iwo akubuula.

"Mwanawe, mpando wakowu ndi dzenje," adatero. "Uja wamatabwa udautaya?"

Tidakautenga mosungira katundu, n'kuuika pakhonde poti m'nyumba mudalibe malo. Mayi anga ndiye sadayerekeze n'komwe. Ankati mafupa awo adazolowera pansi, ndipo popeza mkeka udalibe pouyala, ankakhala kukhitchini. Masofa adadzaza balaza lonse, makolo ondibereka n'kusowa pokhala m'nyumba mwa mwana wawo.

Bambo adatisiya m'bandakucha wa tsiku lina la mu Julayi, ali m'chipatala. Akuluakulu adagwirizana kuti thupi ligone kwathu usiku umodzi, m'mawa mwake tipite nalo kumudzi. Aliyense wokulira m'dziko muno akudziwa zimene zimachitika pakagwa zovuta. Katundu yense wa pabalaza amatuluka, amayala mphasa, bokosi limakhala pakati, amayi n'kulizungulira. Mipando imapita panja kuti akhalepo mafumu, akulu a mpingo ndi azibambo ochezera pamoto. Anyamata adatulutsa ya mmodzi, adatulutsa ya awiri. Ya atatu idakana monga idakanira tsiku loyamba.

Dzuwa linkalowa, galimoto yonyamula thupi ili m'njira, amayi a Chigwirizano ataima panja pamphepo, mayi anga ali pakati pawo. Zogumulanso khoma nthawi imeneyo sizikadatheka. Mkulu wina wa mpingo adandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu: "Bambo, pepani, tiloleni tiicheke." Ndidangogwedeza mutu. Adakabwereka sowo kwa oyandikana nawo. Anthu oyamba kudzakhuza maliro a bambo anga adalandiridwa ndi phokoso la sowo. Sofa idatuluka ili zidutswa ziwiri, ndipo matabwa ake ena adathera pamoto wa azibambo usiku womwewo. Palibe amene adandinena, koma ndidadziwa ndekha kuti manyazi amenewa ndidachita kuwagula ndi ndalama, ina yake yokongola.

Patapita miyezi ndidapita kwa mmisiri wina wachikulire wa konkuno, amene wakhala akupala matabwa kuyambira ine ndili mnyamata. Adamvetsera nkhani yonse osandidula, kenako adatenga chingwe cha khonje n'kundipatsa.

"Bwererani kaye kunyumba, achimwene. Mumange mfundo pa kukula kwa khomo, ina pa khoma limene mpando udzatsamire, ina pa malo amene amayi amayala mkeka. Za mtundu wa nsalu tidzakambirana pomaliza."

Zimene ndidaphunzira kwa mkuluyu, pamodzi ndi zimene ndidaphunzira ndi misozi, ndi zimene ndikufuna tigawane lero.

Choyamba ndi khomo. Makomo ambiri a nyumba zathu amakhala masentimita pafupifupi 80 m'lifupi ndi mamita awiri kupita m'mwamba. Sofa ya anthu atatu imatalika pafupifupi mamita awiri, ndipo zonenepa zija zimapitirira mita kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Yezani khomo chitseko chili chotsegula, chifukwa nachonso chimadya malo, ndipo onani ngati kutsogolo kwa khomo kuli khoma kapena mzati umene ungalepheretse kukhota. Funsani ngati miyendo ya sofayo imamasuka. Inu a nyumba za lendi ndiye samalani kawiri, popeza khoma la eni simungaligumule, komanso nyumba imene mudzasamukire mawa simukuidziwa. Mipando iwiri kapena itatu yaing'ono imalowa paliponse kusiyana ndi chimpando chimodzi chachitali. Mukayeza khomo, yezani balaza. Jambulani pansi ndi khala kapena choko malo amene sofa idzakhale, kenako yendani mozungulira ngati mwanyamula beseni la madzi osambitsa m'manja alendo. Mukapunthwa pa mzere wa choko, dziwani kuti mudzapunthwanso pa sofa.

Chachiwiri ndi matabwa. Ife a ku Dedza tili ndi mwayi woti paini timamudziwa, poti wakhala akudzalidwa m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni kwa zaka zambiri. Paini si mtengo woipa. Choipa n'kumukhoma ali wamuwisi. Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri, ndipo likamauma limafota, limakhota, msomali n'kutsala uli lendelende. Bulugama ndi wolimba kuposa paini, koma naye akakhomedwa asadaume amang'aluka ndi kupotoka. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira mukaligwira, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera. Louma limapepuka ndipo limalira momveka. Pemphani mmisiri kuti akuonetseni felemu asadaikute, muone ngati m'ngodya muli timatabwa tolimbitsa, guluu ndi masikuluwu, kapena ndi misomali yokhayokha. Ngati mukugula yokutakuta, nyamulani mwendo umodzi wa kutsogolo pang'ono. Felemu ikakhala yolimba, mwendo winawo umanyamuka nawo. Ukatsalira pansi, ndiye kuti felemu ikupotoka, isiyeni. Onaninso kunsi ngati pakugwa ufa wamatabwa, chifukwa chimenecho n'chizindikiro choti tizilombo tofumbutsa matabwa tayamba kale ntchito.

Ena amati iwo sangagule chilichonse chimene si mlombwa kapena mbawa. N'zoona kuti mitengo imeneyi ndi yolimba komanso yokongola, koma tifunse kuti ikuchokera kuti. Amene adaona Dzalanyama kale n'kumuonanso lero safuna kuuzidwa. Lamulo la zankhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Mu 2022, pamsonkhano wa mgwirizano wa CITES ku Panama, maiko adaika mlombwa ndi mbawa za mu Africa pamndandanda wa mitengo imene malonda ake odutsa malire ayenera kuyang'aniridwa. Ndiye felemu yobisika m'kati mwa nsalu, imene palibe adzaione, ikufuniranji mtengo umene watenga zaka makumi ambiri kuti ukule? Paini wouma bwino, malaina kapena bulugama wouma ndi wokwanira.

Chachitatu ndi siponji, imene amisiri ena amati fomu. Apa ndi pamene ambiri timapusitsidwa. Siponji amaiyeza ndi kulemera kwake, ndipo yolemera ndi imene imakhalitsa. Kuuma si kulemera ayi. Ilipo siponji youma gwa tsiku logula imene imaphwa miyezi isanu ndi umodzi isadathe, mpaka mumamva thabwa mukakhala. Nyamulani khushoni m'manja mumve kulemera kwake. Itsindikeni ndi chibakera muone ngati ikubwerera msanga. Mankhwala opangira siponji amachokera kunja, nsalu zambiri zokutira nazonso n'zakunja, ndiye ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zidakwera. Mmisiri amene wakugwetserani mtengo kwambiri sadachite zimenezo chifukwa chokukondani. Wachotsa kanthu pamene diso silifika. Funsaninso chimene chili pansi pa siponjiyo. Malamba a matayala akale, akakokedwa bwino n'kulukidwa mothinana, amagwira ntchito zaka zambiri. Makatoni ndi matumba a feteleza sagwira.

Chachinayi ndi nsalu, ndipo pamenepa ganizirani kumene mukukhala. Chimene chimakomera munthu wa ku Salima sichingakomere wa ku Bembeke. Kuno kumapiri nsalu yokhuthala, yolukidwa mothinana, imafunda msanga munthu akakhalapo, ndipo imapuma. Mtundu ukhale wogwirizana ndi fumbi lathu la mu Ogasiti ndi matope a mu Januwale. Sofa yoyera m'nyumba ya mlimi wa mbatata imasandutsa mayi wa pakhomo kukhala mlonda, ana n'kumaopa kulowa pabalaza pawo pomwe. Makhushoni akhale ochotseka, okhala ndi zipi, kuti muzichapa nsalu ndi kuyanika siponji padzuwa. Kokani pamsoko muone ngati ulusi ukuonekera. Mukaika m'nyumba, siyani mpata wokwana dzanja pakati pa sofa ndi khoma kuti mphepo izidutsa, chuku chisamere. Miyendo ikhale yotalikirapo moti tsache lizilowa kunsi, apo ayi mwamangira makoswe ndi mphemvu nyumba yaulere.

Pali chinanso chokhudza moyo chimene ife a kozizira tiyenera kukumbutsana. Mwezi wa Juni timalowetsa mbaula pabalaza. Siponji ikagwira moto imayaka mofulumira kwambiri ndipo imatulutsa utsi wakuda wapoizoni umene umagwetsa munthu asadapeze chitseko. Kakhala kamodzi kothetheka n'kokwanira. Mbaula ikhale patali ndi sofa, zenera likhale lotsegula pang'ono, ndipo pokagona mbaulayo ituluke, pakuti makala okha m'nyumba yotseka amapha anthu ali m'tulo.

Chachisanu, chimene kwa ine n'chachikulu, ndi anthu amene adzakhalepo. Musapite nokha kokagula. Tengani mayi a kunyumba, poti iwo ndi amene adzasese kunsi, adzachape nsalu, ndipo nthawi zambiri ndi amene adzathandize kubweza ngongole. Khalanipo mphindi khumi, osati kungogunda n'kudzuka. Mapazi afike pansi bwinobwino, msana utsamire popanda kuchita kugona. Pokhalira pakhale potalika masentimita pafupifupi 45 kuchokera pansi, pafupi ndi msinkhu wa bondo. Kenako dzukani osagwira kanthu. Ngati inu wamphamvu mwachita kudzikoka, ganizirani apongozi anu, agogo, mayi woyembekezera kapena munthu wongotuluka m'chipatala. Mikono yamatabwa, imene ena amati njachikale, ndi imene munthu wokalamba amagwira podzuka. Ndipo siyani malo a mkeka. M'nyumba zathu muli amayi amene amamasuka akakhala pansi atatambalala, muli ana, muli alendo obwera khumi nthawi imodzi pa chinkhoswe kapena pokamba mlandu. Balaza lopanda malo a mkeka limathamangitsa theka la abale.

Okonda zogula kwa ena, kaya kwa amene akusamuka kaya zobwera ndi abale ochokera ku Johannesburg, nyamulani tochi. Unikani m'misoko ndi kunsi. Timadontho takuda ndi fungo lachilendo ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo nsikidzi zikalowa m'nyumba sizituluka ndi pemphero lokha. Komabe felemu yakale yolimba ndi chuma. Kuikuta nsalu yatsopano ndi siponji yabwino kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula yatsopano yosalimba.

Pa za ndalama ndinena mwachidule, poti bala lake ndikadali nalo. Sofa sibereka. Ngongole ya banki mkhonde imakoma ikalowa mu feteleza, mbewu kapena geni imene ibweze yokha. Ya katapila ndiye musayerekeze. Ngati ndalama yakwana ya anthu awiri yokha, gulani yomweyo yolimba, chaka chamawa mudzawonjezere. Mukamapangitsa kwa mmisiri, lipirani pang'onopang'ono: ina poyamba, ina mukaona felemu, yotsala katundu akafika pakhomo n'kulowa. Zimene mwagwirizana zilembedwe papepala pali mboni. Kupangitsa pafupi kuli ndi ubwino wake, chifukwa mwendo ukagwedera mmisiri mumakumana naye kumsika kapena kutchalitchi.

Wina anena kuti mkuluyu akufuna tonse tibwerere pa mtondo ndi pa chikumba. Ayi. Munthu amene wagwira khasu chaka chonse, kupopera mbatata m'mamawa kukuzizira, ali ndi ufulu wokhala pofewa madzulo, ndipo mayi amene wasamala nyumba ayenera kunyadira pabalaza pake alendo akabwera. Kufuna zokongola si tchimo. Chimene ndikukana n'kugula ndi maso a anthu ena. Ine sindidagule masofa aja chifukwa msana unkandipweteka. Ndidagula kuti mnzanga wa ku Lilongwe akadzabwera adzaone kuti nanenso ndilipo. Adabwera kamodzi kokha, adakhala theka la ola, ndipo sindikukhulupirira kuti adayang'ana n'komwe chimene adakhalira. Chodabwitsa n'choti mipando yoluka ya nsungwi ija timaiderera m'mbali mwa misewu yathu, kunja amaigulitsa m'masitolo apamwamba a ku Cape Town ndi ku Ulaya, ndipo amaitchula dzina la dziko lathu lomweli.

Mmisiri wachikulire uja adandipangira ya anthu awiri ndi ziwiri za mmodzimmodzi, za mikono yamatabwa, makhushoni ochotseka a mtundu wa dothi. Anyamata awiri amatulutsa zonse m'mphindi zisanu. Pakati pamatsala malo, ndipo mayi anga akabwera amayala mkeka wawo pomwepo, n'kumatiuza nkhani za kumudzi ife tili pamipando. Mpando wamatabwa umene bambo ankakhalira uli pangodya pafupi ndi zenera. Umenewo sindidzautulutsanso.

Mwana wa mlongo wanga ndidamufotokozera zonsezi tiyi akuzirala m'makapu. Adakhala chete nthawi yaitali, kenako adati bwenzi lake ndi limene lidaikonda yoyera ija, ndiye akaliuza bwanji. Mayi a kunyumba ndi amene adamuyankha ali pakhonde pomwepo: "Ukamutenge abwere kuno, ndidzacheze naye ndine. Za sofa yoyera tidzamvana tokha amayi." Loweruka lapitali adabweradi awiriwo. Sitidapite ku Lilongwe. Tidayamba tapita kukanyumba kawo kaja ndi chingwe cha khonje, ndipo mtsikanayo ndi amene ankamanga mfundo. Khomo lawo lidapezeka kuti n'locheperapo kuposa langa.